Chitseko pa Mlatho wa Kafue

Inu ana anga, Mabvuto, Esnati ndi iwe Luyando, pamodzi ndi adzukulu amene adzadziwe kuwerenga, tcherani khutu. Ine Yeremiya Sakala, amene Kafue yense amanditchula kuti Chitseko, ndagula kope ndi mabolopeni awiri pa kantemba ka pano pa Nangongwe kuti ndilembe ndekha. Sukulu ndinalekezera Sitandade 2, choncho mukaona chilembo chapendama musaseke. Dzanja ili linaphunzira kugwira mpira lisanadziwe cholembera.

Wandilembetsa ndiwe, Mabvuto. Mlongo wako wandiuza zimene unanena ku tchalitchi kwanu utagwira maikolofoni, kuti atate ako akadasewera mu timu ya dziko koma pakamwa panawatayitsa mwayi, anatukwana mkulu wa asilikali. Akuti anthu anakuwa ameni. Sindikukwiyira, chifukwa nkhaniyi sindinakukhazikeni pansi kukuuzani, munangotola zidutswa kwa anthu a m'mabala. Koma ndisanafe ndiyenera kuiwongola. Za ubwana wanga ku Katete sindilemba, kunali mbuzi ndi njala basi. Ndiyambira pa ntchito.

CHAKA CHIMENE NDINAFIKA KU KAFUE

Ndinatsika sitima pa siteshoni ya Kafue ndili mnyamata wamtali ngati mlongoti, ndi bulangeti limodzi m'khwapa. Nthawi imeneyo mafakitale anali kungomangidwa kumene, ndipo m'mawa uliwonse pa geti la fakitale ya nsalu pankadzaza anthu ofuna ntchito. Ine ndinaima pamenepo milungu itatu, wondiyang'ana panalibe. Tsiku lina madzulo ndinapita kukaonerera timu ya fakitaleyo ikuchita masewera okonzekera. Ndinaima kumbuyo kwa golo, ndipo zimene ankachita munthu wa pagoloyo zinandipweteka mumtima. Ndinayamba kukuwa: "Tuluka iwe! Wamera mizu kodi? Tuluka!" Mphunzitsi wa timuyo, ba Njovu, munthu wamfupi wa mimba ndi wezulo pakhosi, anaimitsa masewera nandiloza.

"Iwe wa pakamwa, uli bwanji? Ngati uziba, ngena tikuone."

Ndinalowa wopanda nsapato. Anandimenyera mipira mpaka dzuwa kupendeka, ndipo umodzi wokha ndi umene unadutsa, nawonso unayamba wagunda mtengo. M'mawa mwake ba Njovu anandigwira pa dzanja kundidutsitsa pa geti lomwe lija, anthu onse akuyang'ana. Ku ofesi anandilemba kuti ndine wosesa m'sitolo ya fakitale. Tsachelo sindinaligwirepo. Ntchito yanga inali mpira, m'mawa kuthamanga, madzulo kugwira, ndipo mwezi ukatha ndinkalandira ngati wantchito aliyense. Tinali oyamba mu tauni ino kudya za mpira. Atate anga atamva anatumiza uthenga kuti, "Ntchito yanji yothamangitsa chikopa? Kodi mwanayo wapenga?" Koma nditawatumizira jekete anasiya kufunsa.

Ena amati goloboyi. Ine sindinali boyi wa munthu, ndinali golokipa. Dzina la Chitseko anandipatsa ndi amayi ogulitsa mtedza pa bwalo, ati ndikatseka ndatseka. Inu a masiku ano mumaona anyamata pa kanema atavala magolovesi ngati akupita kukagwira njuchi. Ife tinkalavulira m'manja, kupaka dothi, basi. Timu yonse inali ndi mipira iwiri, ndipo wosoka nsapato wa pa msika ankaidziwa ngati ana ake. Sopo atasowa m'masitolo tinkachapa majezi ndi madzi okha. Popita kukasewera kutali tinkakwera pamwamba pa mabelo a thonje mu lole, kukafika tili mbuu ngati mizukwa, koma tinkawina.

Ba Njovu anandiphunzitsa zinthu ziwiri, ndipo muzisunge chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Choyamba, ankati usamayang'ane maso a womenya mpira, maso amanama. Uziyang'ana chiuno ndi mapewa, thupi limaulula kumene munthu akufuna kupita. Chachiwiri, ankati golokipa ndi yekhayo amene amaona bwalo lonse, choncho akakuwa kuti "Siya!" wotchinga kumbuyo asaganize, asafunse, achotse phazi. Wotchinga wanga wamkulu anali Petulo Banda, amene tinkamutcha Foloko chifukwa cha miyendo yake yowonda. Akakhudza mpira ine nditakuwa kale, ba Njovu ankamuzungulitsa bwalo kakhumi. Patapita zaka zitatu mawu anga anali atalowa m'mafupa ake. Tsiku lina m'kantini ndinangoyesa, ndinakuwa "Siya!" iye akupititsa nthongo ya nshima kukamwa. Nthongo inagwera mu supu, supu inathovukira pa malaya a kapitawo. Foloko anandithamangitsa mpaka ku njanji, koma akanatani? Dzanja linali litamvera kale.

CHAKA CHIMENE NDINAKWATIRA MAYI ANU

Mayi anu Mutinta ndinawapeza akugulitsa nsomba kufupi ndi mtsinje. Ndinagula nsomba masiku asanu otsatizana, ine wosadziwa ndi kuphika komwe, mpaka anandifunsa ngati ndikuweta ng'ona kunyumba. Atate awo, ba Mweemba, anali msodzi wa pa Kafue kuyambira makolo, munthu wosalankhulalankhula. Tsiku loyamba kundimva ndikupereka moni anatembenukira kwa akazi awo nati, "Mkamwini uyu anameza lipenga."

Chaka chomwecho mlamu wanga anamwalira ku msasa wa asodzi, kumtunda kwa mtsinje. Ndinapita nawo kukatenga thupi. Tisanakwere bwato ba Mweemba anandikokera pambali. Anandiuza kuti msodzi akafera ku msasa amabwerera kwawo pa madzi. Amamukulunga mu mphasa, amamufunditsa ukonde wake, ndipo nkhafi yake amaiimika kutsogolo kwa bwato, mutu m'mwamba. Bwato likangochoka, palibe kulankhula, palibe kucheuka, palibe kuima, ngakhale kulira kumene, mpaka litagunda dooko la kwawo. Akuti mukaima kapena kuyankha munthu, wakufayo amatsikira pomwepo ndi kutsala m'madzi osafika kwawo. Ine ndine wa tchalitchi, koma mwambo wa apongozi sukangana nawo.

Tili pakati pa ulendo, anyamata ena pa gombe anandizindikira. "Chitseko! Ba Chitseko! Loweruka tiwina?" Pakamwa panga panatseguka pokha. Mawu asanatuluke, nkhafi yonyowa ya ba Mweemba inatera pamsana panga, phwa! Iwo osanena kanthu, osandiyang'ana nkomwe, anangopitiriza kupalasa. Ndinakhala chete theka la tsiku. Mayi anu ankati chimenecho chinali chozizwitsa choposa cha ku Kana.

CHAKA CHA NKHONDO

Kenako nkhondo ya kutsidya kwa Zambezi inayamba kutayikira kuno. Ndeke zinkadutsa m'mwamba, ndipo tinkamva kuti adani akuphulitsa milatho kuti sitima ndi malole zisayende. Boma linaitana amuna amphamvu. Mu timu yathu anatenga anayi. Titaphunzira mfuti miyezi ingapo, ine ndi Foloko anatibweza konkuno kudzalondera mlatho wa njanji wa pa Kafue. Foloko anamupatsa mfuti yachiwaya, ija yaikulu yoima pa miyendo, ati ali ndi diso. Ine anandipatsa mfuti wamba ndi jombo ziwiri zosiyana, ya kumanja yothina, ya kumanzere yokhwepa. Tinkadya nyemba zimene anankafumbwe anayamba alawa. Wailesi inalipo koma mabatire kunalibe, moti uthenga ukafunika ba Sajeni Daka ankangoti, "Sakala, kuwa," ndipo a kutsidya kwa mlatho ankamva.

Mkulu wathu anali Lefutenanti Mulenga. Mvetsetsani, sanali munthu woipa. Anali wamng'ono kwa ine, wophunzira bwino, wokulira ku migodi, ndipo chibadwire anali asanakwerepo bwato. Mlatho wonsewo anausenza pa mutu pake, ndipo mantha ake anali akuti ukagwa, dzina lake ligwa nawo. Anamangitsa mgolo wofiira pa madzi, kumtunda kwa mlatho, nalamula kuti bwato lililonse liime pamenepo kuti lisechedwe. Likaitanidwa katatu osaima n'kudutsa mgolowo, liwomberedwe. Lamulolo analilemba bwino m'Chingerezi pa pepala, nalikhomera pa mtengo wa mkuyu. Ndani wa ku misasa ya asodzi akanabwera kudzawerenga mkuyu? Asodzi a pafupi anamva kwa ife ndipo ankaima. A kutali sankadziwa.

Lefutenanti ankakonda mpira kwambiri. Lamlungu tinkasewera pa bwalo la fumbi pafupi ndi kampu, iye akusewera kutsogolo, ndipo sanandigoletsepo ngakhale kamodzi. Ndinkamuuza kuti, "Bwana, nyenyezi zili pa phewa, sizili ku phazi," iye n'kumaseka. Tsiku lina ba Njovu anafika pa njinga thukuta lili kamukamu, atanyamula kalata. Akuluakulu a timu ya dziko ankandifuna ku Lusaka Loweruka kuti akandiyese. Golokipa wawo anali atakalamba, ndipo aliyense wodziwa mpira ankadziwa kuti jezi imeneyo ndi yanga. Sindikudzitama, ndikunena zimene zinalipo. Lachitatu Lefutenanti anasaina chikalata chondilola kupita, nachipinda n'kuika m'thumba la malaya ake.

"Uzatenga Lachisanu m'mawa," anatero. "Ukagwire bwino, Sakala. Bakakufunsa, ukakambe kuti ni ine ninakuphunzitsa."

"Nizakamba kuti munanipumitsa, bwana, chifukwa mipira yanu siinali kufika."

LACHINAYI LIJA

Inali nyengo yozizira. Tinali titangomwa tiyi wopanda shuga, dzuwa litakwera pang'ono, nkhungu ikuchoka pa madzi. Ine ndinali m'dzenje langa pamwamba pa gombe, Foloko ali pa mfuti yake mapazi khumi kuchokera pamene ndinali. Wina anati, "Bwato!" Linkachokera kumtunda, likuyenda m'mbali mwa bango cha ku gombe lathu, mosathamanga. Munali amuna atatu opalasa ndi munthu mmodzi wokhala pakati. Lefutenanti anaika magalasi oonera patali m'maso.

"Muli katundu wautali, baphimba na neti," anatero. "Na kutsogolo kuli chinthu chaimirira. Ni mlongoti wa wailesi uja. Sajeni, baitane!"

Ba Sajeni Daka anaitana koyamba kuti bwato liime. Opalasa sanadzutse mutu. Anaitana kachiwiri. Nkhafi zinangopitiriza kulowa ndi kutuluka m'madzi. Apo nkhungu inang'ambika, ndipo ndinachiona chinthu choimiriracho. Inali nkhafi, mutu m'mwamba. Pamsana panga panayabwa pomwe paja ba Mweemba anandimenya.

"Bwana, ni maliro!" ndinatero. "Banyamula msodzi. Sibangayankhe, ni mwambo wao."

"Khala chete, Sakala."

"Bwana, olo muitane kakhumi sibazaima. Ninakwelamo ine mu bwato yotere."

Anatembenuka, maso ali psuu. "Manje iwe uganiza adani sibangaphunzire mwambo? Ukafuna kupitisa bomba pansi pa mlatho, ungaiphimbe na chani?"

Ana anga, funso limenelo linali la nzeru. Anthu a m'bwatomo sindinkawadziwa, sanali a kwa apongozi anga. Pansi pa ukondewo pakanatha kukhala chilichonse. Ba Sajeni anaitana kachitatu, ndipo bwato linali pafupi kufika pa mgolo wofiira. Ndinachita chimene ndinkadziwa. Ndinasiya kuyang'ana katunduyo, ndinayang'ana matupi. Munthu wobwera kudzamenya, mapewa ake amauma, ndipo thupi lake limaloza kumene akufuna kumenya, angabise bwanji. Ndinaima pa golo zaka zambiri, ndikudziwa. Amuna awa mapewa anali ogwa. Mlatho sankaulabadira, mfuti zathu sankazilabadira, matupi awo onse anaweramira pa mphasa ija. Wa pakatiyo anali mayi, atafunda chitenje kumutu, akugwedezeka pang'onopang'ono ngati woguguza mwana.

Ndinakumbukanso chikalata chija m'thumba la Lefutenanti. Musaganize kuti ndinachiiwala. Ndinachiona ndi maso anga, ngodya yake ikusuzumira pa thumba. Ndikanakhala chete, Loweruka ndikanakhala ku Lusaka, ndipo palibe akanandiimba mlandu, chifukwa chala sichinali changa.

Bwato linadutsa mgolo.

"Banda, ombera!"

"SIYA!"

Sindinakuwepo chotero chibadwire, ngakhale pa bwalo lodzaza. Mbalame zinabuka m'bango. Manja a Foloko anachoka pa mfuti ngati wagwira mbaula ya moto, ndipo anatsala atawakweza m'mwamba, akundiyang'ana kukamwa kuli yasa. Asilikali ena onse anadzutsa mitu m'maenje. Lefutenanti anakuwa kuti, "Banda! Nakuuza chani?" Ndinaona manja a Foloko akubwerera pa mfuti pang'onopang'ono. Ndinadziwa kuti kachiwiri adzamvera nyenyezi, pakuti nayenso anali ndi mkazi ndi khanda. Mawu anali atagwira ntchito yake, sakanagwiranso.

Golokipa akaona kuti otchinga ake apitiriridwa, sadikira pa mzere. Amatuluka. Ndinasiya mfuti m'dzenje, ndinatsetsereka pa gombe ndi matako, ndinalowa m'madzi ndi jombo zomwe. Kuzizira kwake! Za ng'ona ndinakumbuka madzi atafika kale m'khosi. Ndinadziika pakati pa mfuti ya Foloko ndi bwato, ndinatambasula manja monga ndinkachitira pa penate, msana ku bwato, nkhope kwa anzanga. Kumtunda kunali phokoso, Lefutenanti akutchula dzina langa, ba Sajeni akuti, "Bwana, ni munthu wathu uja, bwana!" Mfuti sinalire.

Bwato litandifika ndinagwira m'mphepete mwake. Sindinaliimitse, ndipo sindinawalankhule. Mkulu amene ankapalasa kumbuyo sanandiyang'ane, anangosuntha bondo kuti dzanja langa lipeze malo. Ndinakweza ngodya ya ukonde pang'ono. Ndinaona phazi, chidendene chong'ambikang'ambika cha munthu woyenda m'matope moyo wake wonse. Ndinabwezeretsa ukondewo. Mtima unkafuna kukuwa kuti kumtunda amve, koma ndinaluma mlomo. Ndinangokweza dzanja limodzi. Tinadutsa pansi pa mlatho chomwecho, ine ndikukokedwa m'madzi ngati nsomba ya pa chingwe, mpaka dooko la kumunsi. Kameneko kanali kachiwiri m'moyo wanga kukhala chete.

Lefutenanti ndi ba Sajeni anafika pa dookopo akuthamanga, mfuti m'manja. Bwato litangogunda mchenga, mayi uja anatulutsa mfuu imene anaisunga kuyambira ku msasa. Anali mkazi wa malemuyo, ndipo opalasawo anali mchimwene wake wa malemu ndi ana awiri a malemuyo. Lefutenanti anakweza ukonde yekha. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anavula chipewa, nabwerera ku mlatho. Ba Sajeni ndi amene anandigwira pa mkono. "Tiye, Chitseko," anatero motsitsa. "Uziba kwamene tiyenda."

M'CHITOKOSI NDI ZOTSATIRA ZAKE

Ananditsekera m'kachipinda ka malata kumbuyo kwa kampu. Lachisanu linadutsa. Loweruka masana, nthawi yeniyeni imene ndikanakhala ndikuvala jezi ku Lusaka, chitseko chinatseguka ndipo Lefutenanti analowa yekha. Anakhala pa ndowa yovundikira. Ndilemba zimene tinakambirana monga zinalili, kuti iwe Mabvuto uone ngati muli chitukwano.

"Sakala, nanga ukanakhala kuti unalakwa?"

"Sembe mlatho unagwa na ine pansi pake, bwana. Ine ndiye sembe ninayamba kufa."

"Na sitima ya anthu pamwamba?"

 Ndinati, "Ninaona mapewa yao, bwana. Ni ntchito yanga kuona mapewa."

Anapukusa mutu, koma sanaseke. Anati kuyambira Lachinayi chakudya sichikutsika, akangotseka maso akuona mayi uja. Anati nkhaniyi akailemba monga inachitikira, kuti ndinaletsa lamulo pamaso pa asilikali pa nthawi ya nkhondo, ndikupita ku khoti la asilikali ndipo ana anga adzakula osandidziwa. Choncho analemba kuti ndinachoka pa malo anga popanda chilolezo, basi. "Koma pano sungakhale," anatero. "Nikakamba ombera, iwe wakamba siya, asilikali bamvera iwe. Kampu siingakhale na mawu yabili." Anatulutsa chikalata chija m'thumba nandipatsa, tsiku lake likutha ndikuliona. Ndinati zikomo bwana. Ndinamuchitira sailuti, iye anabweza. Mawu okhawo amene ndinamukuwira munthu ameneyo ndi amodzi aja, ndipo sanali ake, anali a Foloko. Ndinamva pambuyo pake kuti sabata yotsatira anatuma ba Sajeni pa bwato kuzungulira misasa yonse kukanena lamulo lija pakamwa, ndi kuti bwato la nkhafi yoimirira ankaliperekeza pa gombe mpaka pa dooko.

Ine ananditumiza ku chigwa cha Zambezi, kumalire, kumene kutentha kwake nsapato imanuka. Ndinakhalako zaka ziwiri. Za kumeneko ndidzakuuzani pakamwa zimene zikuuzika. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti lole yathu inaponda bomba lokwirira mu msewu, anzanga awiri anatsala pomwepo, ine bondo la kumanja linaphwanyika. Nditabwerera ku Kafue ba Njovu anabwera kudzandiona. Anagwira bondolo, analipinda, analiwongola, kenako anapita kukaima panja nthawi yaitali akuyang'ana nkhuku. Jezi ya dziko inali itapita kale kwa wina. Ankagwira bwino ndithu, koma potuluka ankachedwa.

Ku fakitale anatsegula buku napeza kuti ndine wosesa m'sitolo. Tsache lija linandidikira zaka zonsezo. Ndinaligwira, ndipo ndinasesa mosanyozeka, mpaka anandikweza kukhala woyang'anira sitolo yonse. Pa zaka zanga zonse pamenepo palibe ulusi ndi umodzi womwe umene unatuluka pa khomo popanda ine kudziwa. Chitseko ndi chitseko. Inu nonse mwaphunzira ndi ntchito imeneyo. Ba Mweemba nkhani ya pa mlatho sanaitchulepo, ngakhale inafika misasa yonse. Koma tsiku lina anabwera kunyumba ndi nkhafi yatsopano yosema okha, naiimika pa khomo, nati, "Mkamwini, lipenga lija lili ndi ntchito." Anamwa madzi n'kumapita. Ndi nkhafi imene ili kuseri kwa kabati, imene Luyando ankafuna kupatsa anthu a nkhuni.

CHAKA CHINO

Foloko alipo, amakhala kwa mwana wake ku Kafue Estates, maso anachita khungu. Mwezi watha ndinakwera minibasi kukamuona. Ndisanafike pa geti anali atayamba kale kuseka, ati anandimva ndikukangana ndi kondakitala ku msewu. Tinakhala pa khonde, mdzukulu wake wamkazi anatibweretsera nshima ndi kapenta. Tikusamba m'manja anati, "Yere, pali chinthu sininakuuzepo. Tsiku ija chala chinali chayamba kale kukoka. Kunasala chabe ka so." Anandionetsa ndi zala ziwiri, mpata wosalowa ndi njere ya mpunga. Kenako anakweza dzanja lake la kumanja nati, "Bana banga bonse nabalera na kwanja iyi. Nadya nayo zaka zonse izi, siinanunkhepo magazi." Ndinati idya mudala, nshima izizira. Anatema nthongo, ndipo ili pafupi ndi kukamwa ndinakoka mpweya ngati ndikufuna kukuwa. Anaiponya m'kamwa msangamsanga ngati mbala, nati, "Mfiti iwe, lelo wachedwa!"

Chikalata chija chilipo. Chili m'Baibulo la malemu mayi anu, pa Masalimo, chapindika mpaka zilembo zafufutika, koma dzina langa likuoneka ndi siginecha ya Lefutenanti. Nthawi zina ndimachitulutsa. Ndikaonera timu ya dziko pa kanema mtima umandipweteka, sindinama, ndipo ndimakuwa mpaka aneba amatseka mawindo. Ndikanagwira bwino kuposa onsewo. Koma mundifunse ngati ndingabwerere m'dzenje lija n'kutseka pakamwa kuti ndikavale jezi, ndikuyankhani ndi mawu amene a ku Estates adzamva.

Tsono iwe Mabvuto, Lamlungu likubwerali upemphenso maikolofoni ija. Uwauze kuti unalakwitsa pang'ono. Pakamwa pa atate ako panawatayitsadi jezi, pamenepo sunaname. Koma uwonjezere kuti m'bwato lija munali anthu anayi amoyo, ndipo onse anakafika pa dooko n'kuika maliro awo. Amene akufuna kutsutsa abwere ku Nangongwe, afunse nyumba ya Chitseko. Akasochera aime chabe pa msewu, andimva.